Tsiku Limene Ndinavundula Dizilo wa a Twaibu

Anzanga amene tinakwatira nyengo imodzi anakhala pa chikamwini zaka ziwiri, ena chaka ndi theka, n'kutenga akazi awo kupita nawo kwawo. Ine ndinakhala zaka zisanu. Anthu akandifunsa chifukwa chake ndimati ndinkakonda mpunga wa ku Benga. Limenelo ndi bodza, ndipo poti ambiri amene akanandiseka anatsogola, lero ndiulule. Chinandimangirira ku Benga ndi mgolo umodzi wa dizilo, pamodzi ndi mutu wangawu.

Ndiyambe ndi ovolosi. Ndisanakwatire ndinagwirako ntchito miyezi isanu ndi iwiri ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, m'galaja ya mathirakitala. Ntchito yanga inali kutsuka matope kumatayala ndi kupatsira masipanala amakaniko akalowa kunsi kwa thirakitala (nambala ya sipanala ndinkaidziwa, koma chimene sipanalayo ikukamasula kunsiko, ayi). Pochoka ndinachoka ndi ovolosi ya buluu yothimbirira girizi, ndipo ndi ovolosi imeneyo imene ndinavala pokafunsira Asiyatu. Sindinanenepo kuti ndine makaniko. Anthu ananena okha ataona girizi, ine sindinatsutse. Ndani amatsutsa ulemu?

Titakwatirana ndinalowa m'mudzi mwa akazi anga monga mwa mwambo. Ndinkalima munda wa apongozi, kufolera nyumba zawo, kuvomera chilichonse ndi manja awiri. Koma mtima wanga unali kwathu ku Kanyenda. Bambo anali atamwalira kale, ndipo mwa ana anayi a amayi ndinatsala ndine ndekha. Ndinali nditawalonjeza kuti mvula isanagwe ndibwera ndi mpongozi wawo kudzakhala nawo, asamatungenso okha madzi. Nyumba ya zipinda ziwiri ndinali nditamanga kale pafupi ndi yawo. Chotsala chinali chilolezo cha chitengwa basi, ndipo mwini mawu amenewo anali amalume a Asiyatu, a Twaibu, mwini mbumba, amenenso anali mwini chigayo chokhacho m'dera lonselo.

Ankhoswe anga atakapempha, a Twaibu sanakane, sanavomere. Anangoti akamwiniwo akuoneka munthu wa manja abwino, tiwaonebe pang'ono, mpunga ukalowa m'nyumba tidzayankha, Insha Allah. Mpunga unalowa. Aliyense ankati yankho ndi lodziwikiratu, ngakhale Asiyatu anali atayamba kusankha mbale zotenga ndi zosiyira ang'ono ake.

Injini ya chigayocho inali yakale, ya silinda imodzi, ya mawilo awiri akuluakulu, yoliza ndi handulo. Ikamayenda inkati thu, thu, thu mosapupuluma, asodzi kunyanja n'kumadziwa kuti a Twaibu atsegula. Ankaisamala kuposa mmene ankasamalira mano awo. Koma chimene ndinkaseka mumtima ndi miyambo yawo pa dizilo. Zinali zaka zija mafuta ankasowa chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, kupeza mgolo umodzi unali mwayi waukulu. Mgolowo ukatsika pa lole, ankaugoneka pa mitengo iwiri, kumpopi kokwera, kumbuyo kotsika, n'kuusiya masiku atatu osaukhudza, ngakhale chigayo chikhale chotseka amayi akudandaula panja. Pothira m'thanki ankasefera m'chipewa chakale chaubweya chimene ankachivundikira pa fanelo, dizilo n'kumadontha ngati akuchita kumupempha. Ndiye mgolo ukatsala pang'ono kutha, wapansiyo sankamuthira m'injini. Ankapaka mitengo ya khola kuopa chiswe. Dizilo wosowayo, kupatsa chiswe! Ine ndinkati nkhalamba izi n'zizimba basi, zinthu zachizungu sizikuzidziwa.

Lachiwiri lina kunabwera uthenga woitanira a Twaibu ku sadaka ya maliro a mnzawo wakale kuboma. Masiku ena onse akachoka ankatseka chigayo, koma ulendo uno anati m'banja muli makaniko, kutsekeranji. Anandiitana, nandipatsa kiyi womangidwa ndi chingwe cha ukonde.

"Akamwini, ndikakhala masiku atatu kapena anayi. Dizilo watsala wochepa koma akukwanirani. Oyilo muzimuona m'mawa, madzi oziziritsa asaphwe. Ndipo mgolowo usagwedezeke."

Chifukwa chake sananene. Akuluakulu a nthawi imeneyo sankapereka zifukwa, komanso makaniko wa ku Dwangwa angafunse bwanji mwini chigayo wa kumudzi? Ndinangoti ndamva. Asiyatu anandiuza tili awiri kuti ndisapusitsidwe, amenewa ndi mayeso, ndikakhoza basi tikumanga katundu.

Lachitatu zinayenda ngati madzi a mumfuleni. Ndinkazungulira injini ndi kansanza m'thumba lakumbuyo, kumapukuta malo oyera kale, kumatchera khutu pa silinda ngati ndikumva zimene ena sangamve. Anyamata a chipani amene ankakhala pakhomo kuona makadi a anthu anandipatsa moni wakuti amisiri. Tsiku limenelo ndinayenda mapewa ali m'mwamba mpaka khosi linandiwawa.

Lachinayi cha m'ma teni koloko injini inayamba kulemedwa. Mawu ake anatsika, utsi unada pang'ono, ufa n'kumatuluka mwaulesi. Lero ndikudziwa chimene chinachitika. Amayi ena anabwera ndi makaka osauma bwino, chinangwa chija n'kumata sefa ya chigayo. Mankhwala ake kunali kungotsegula, kupala sefa ndi mpeni, basi, ntchito ya mphindi khumi. Koma kupala sefa ndi ntchito ya munthu wamba. Makaniko amafuna matenda aakulu.

Masana ndinazimitsa injini kuti ipume, ndipo Asiyatu anandibweretsera thobwa m'kandowa. Ine ludzu litandigwira ndinangotunga pamwamba. Anandigwira dzanja, nati pamwambapo ndi madzi okhaokha, thobwa lenileni limakhala pansi, ndiyambe ndadikira atakase. Anatakasa ndi chipande, nsenga zonse zinadzuka, thobwa linafiira bwino.

Ndinayang'ana thobwa. Ndinayang'ana mgolo uli gone pa mitengo yake.

Abale anga, nzeru zikamabwera kwa chitsiru zimabwera ndi kuwala kwake. Ndiye kuti zaka zonsezi injini ikumwa dizilo wapamwamba, wosukuluka, mphamvu yonse itakhala pansi n'kumakathera kwa chiswe! N'chifukwa chake lero ikulefuka. Ndinaona kale m'maganizo a Twaibu akutsika basi, akumva chigayo chawo chikubangula ngati chatsopano, akundigwira chanza pamaso pa mbumba yonse n'kunena kuti tengani mkazi wanu, tenganinso mbuzi ziwiri. Za mawu awo aja ndinakumbukira, sindinganame. Koma ndinati iwo analetsa chifukwa sadziwa, akadzaona zotsatira adzathokoza okha.

Thobwa sindinamalize. Ndinalimbitsa mpopi, ndinatsitsa mgolo pa mitengo paja, ndinaukankhira panja n'kuyamba kuugubuduza ndi phazi. Kuchoka pakhomo la chigayo mpaka pa mtengo wa mango, kubwerera, kupitanso, kasanu konse, kenako ndinauimika n'kuukhutchumula ndi manja awiri. Amayi amene anali pamzere anasiya nkhani zawo. Pakati pawo panali apongozi anga, mayi ake a Asiyatu, amene ndi mlongo wawo wa a Twaibu. Mwambo sunkawalola kundiyang'ana kumaso kapena kundilankhula mwachindunji, ndiye anatembenukira mbuzi imene inkanyambita madeya pansi.

"Mbuzi iwe, achimwene mgolo uwo saugwedeza."

Mbuzi sinayankhe. Inenso pofuna kusunga ulemu ndinayang'ana mbuzi yomweyo, n'kuiuza mofatsa kuti ku Dwangwa timatero. Apongozi anakoka chitenje kumutu, nayang'ana kunyanja. (Mpaka lero ndimati pa atatufe, amene anatuluka m'nkhaniyi ndi ulemu wake wonse ndi mbuzi.)

Nditatsegula mpopi, dizilo anatuluka wofiirira, wa mbuu, ndendende thobwa la mawere. Mtima wanga unati myaa. Umboni ndi umenewu, ndinatero, mphamvu ija ndi iyi. Chipewa cha a Twaibu chinakana kumudutsitsa, chinangodzaza zofiira zokhazokha. Ndinachinyamula n'kuchiponya pa thumba, ndinati nayi mbala imene imaba mphamvu. Ndinathira mwachindunji mpaka thanki inadzaza.

Ndinapukusa handulo, injini inalira. Kwa mphindi zisanu inayenda bwinobwino (dizilo woyera wa m'mawa anali akadali m'paipi, koma zimenezo ndinazidziwa mochedwa), ndipo m'moyo wanga wonse sindinakhalepo munthu wamkulu ngati m'mphindi zisanu zimenezo. Ndinaima pakhomo manja m'chiuno, kuyang'ana komwe kunali mbuzi ija. Kenako ndinamva thu, thu, khofo. Thu, khofo, khofo. Kupaipi kunatuluka utsi woyera ngati wa zinyalala zonyowa, mawilo anazungulira mwaulesi kangapo, basi zii.

Amene sanalizepo injini ya handulo sadziwa kuti thukuta n'chiyani. Umakweza kachitsulo kena kuti mpweya uzituluka, umapukusa mawilo olemera aja mpaka athamange, kenako umagwetsa kachitsuloko kuti injini igwire. Ndinachita zimenezo kakhumi, maso anachita mdima, injini osagwira. Ndinamasula kabotolo kachitsulo kamene dizilo amadutsamo asanafike ku pampu, ndinapeza kasefa ka m'katimo katatsekeka ndi matope ofiira. Munthu wanzeru akanaima pamenepa n'kukhala pansi. Ine ndinati nayi mbala yachiwiri, ndinakachotsa n'kukaika m'thumba la ovolosi.

Inalira pang'ono, inafanso. Pamenepo panabwera nzeru yachiwiri, mng'ono wake wa yoyamba ija. Ndinati ndamvetsa, mphamvu yachuluka, injiniyi ndi yokalamba, yazolowera zosukuluka. Mwana phala likamulimbira umathirako madzi. Ndiye chosungunulira dizilo n'chiyani? Palafini, poti fungo lawo ndi la pachibale. Ndinauza amayi kuti adikire pang'ono, ndikukatenga chitsulo china, n'kuthamangira kudooko kwa msodzi wina amene ankapha usipa ndi nyali. Palafini nayenso anali wosowa, koma atamva kuti ndi za chigayo cha a Twaibu anandipungulira theka la chigubu osafunsa zambiri. Ndinabwera nacho nditachibisa m'thumba la chimanga.

Ndinakhuthulako dizilo wina m'thanki, ndinathira palafini, kenako ndinachita chinthu chimodzi chokha chimene ndinachionadi ku Dwangwa: kumasula nati ya paipi kuti mpweya wotsekereza utuluke. Unatulukadi, pamodzi ndi dizilo amene anandithira m'maso ndi m'kamwa. Koma injini inalira! Kungoti mawu sanali ake aja. Inkati nkha, nkha, nkha, mouma, ngati munthu wa chifuwa chachikulu. Amayi anayang'anana. Ine ndinawauza kuti ndi mmene imalirira ikakhuta. Ndinagaya madengu awiri, lachitatu lili pakati inatsamwa n'kuzimanso.

Dzuwa linali litapendeka. Amayi ena anayamba kumanga akatundu awo akung'ung'udza kuti mphale yawo ndi yonyika, ikagonanso isasa. Amene sanasunthe anali amayi apampando a chipani m'dera lathu. Ufa wawo unali wa kamba wa amayi opita kukaphunzira magule kuboma, ndipo anandiyandikira n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndikudziwa kuti ufa umenewo ndi wa ndani. Anafunsa akumwetulira. Masiku amenewo kumwetulira kotero kunkaumitsa malovu m'kamwa.

Mantha ndi amene anabala nzeru yachitatu. Ndinakumbukira kuti ku Dwangwa, m'mawa wa mwezi wa Juni thirakitala ikakana kulira, madalaivala ena ankanyowetsa kansanza ndi petulo pang'ono n'kukayandikiza pomwe injini imakokera mpweya. Mawu akuti pang'ono ndi amene sindinawasunge. Ndinabwereranso kwa msodzi uja, amene tsopano anayamba kundiyang'ana mokayika, ndinamupempha botolo la petulo wa injini ya boti. Kansanza kanga kaja ndinakaviika mpaka kudontha, ndinakamangirira pokokera mpweya, ndipo petulo wotsalayo ndinamuthira m'thanki kuti zonse zikagwirizane komweko. Asiyatu anali ataima pakhomo. Anandifunsa kamodzi kokha ngati ndikudziwadi chimene ndikuchita. Ndinamuyankha kuti apite akayambe kumanga mbale.

Ndinapukusa, ndinagwetsa kachitsulo kaja.

Phuu! Ndinaganiza kuti mfuti yalira m'nyumbamo. Injini imene moyo wake wonse inkayenda ngati shehe wopita kumzikiti inadzuka ndi liwiro la misala, ikugogoda m'kati ngati muli munthu ndi nyundo. Pansi pankanjenjemera. Lamba anavuka n'kukamenya dengu la amayi apampando, ufa wa chipani n'kukwera kudenga. Paipi ya utsi inaguluka polumikizira, mwaye wa zaka khumi unakhuthukira m'chigayo momwemo. Amayi anangoti balala, ena kusiya ana, kubwerera, kutola ana, kuthawanso.

Apa ndiye pamene ndinaonetsa kuti ndine mwana wa nthawi imeneyo. Chimene ndikanachita n'kutseka mafuta, chinthu cha dzanja limodzi. Koma nditakweza maso ndinaona chithunzi cha Mtsogoleri, chimene chinkapachikidwa pamwamba m'malo onse a malonda, chili bii ndi mwaye, maso okha akuoneka. Ndipo pakhomo, m'kati mwa utsi, munali mutaima amayi apampando. Injini ndinaiiwala. Ndinakwera pa thumba la chimanga n'kuyamba kupukuta ndi mkono wa ovolosi. Girizi uja anangopakiza, nkhope yonse inachita mizeremizere. Ndinavula ovolosi mpaka m'chiuno, ndinavula malaya a m'kati, ndinalavulira (Mulungu andikhululukire, ndinalavulira galasi, osati munthu), n'kupukuta ndi mtima wanga wonse, injini ikudzipha kumbuyo kwanga. Pamene chithunzi chinkawala, injini inali itameza kansanza kaja, inalira kwii kamodzi, n'kuti gu.

Amayi apampando anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine ndili chifuwa pamtunda, woyera ufa kumutu, wakuda mwaye kumaso. Anangoti chithunzi ndachisamala bwino, n'kutola dengu lawo lopanda kanthu. Sanakandinenere kulikonse. Ndikuganiza kuti anaona kuti chilango chimene chikundidikira kunyumba n'chokwanira.

Lachisanu chigayo chinali chotseka. Kansanza ndinakasolola, paipi ndinalumikiza, pansi ndinasesa, mgolo ndinaubwezera pa mitengo yake mwaulemu ngati maliro. Handulo inkazungulira, koma pampu inali itauma gwa, osatulutsa ngakhale dontho. Asiyatu sanandilankhule tsiku lonse. Mbale zija anazibwezera pa thandala imodziimodzi, akuziika mwamphamvu kuti ndizimva.

A Twaibu anafika Loweruka m'mawa. Nkhani anali ataimva kale m'basi, kwa anthu atatu osiyana, aliyense ndi zokometsera zake. Anandipatsa salamu monga mwa masiku onse, anafunsa za kunyumba, nalandira kiyi. Kukalipa sanakalipe, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa ndodo. Anatenga botolo loyera lagalasi, anatungira zimene zinali m'thanki, analiika pawindo, n'kundiuza kuti ndikhale pa thumba ndizililondera, iwo akukamwa tiyi. Ndinakhala pamenepo maola awiri, munthu wa ndevu zanga, kuyang'anitsitsa botolo.

Pobwera iwo botolo linali litaulula zonse. Pansi penipeni panali matope ofiira, pamwamba pake madzi, madzi enieni oti nkhuku ingamwe, kenako mafuta pamwamba. Analinyamula n'kuliyang'anitsa kudzuwa, nandifotokozera mofatsa ngati akuphunzitsa mwana alifu, chilembo choyamba cha Chiarabu. Anati mgolo wachitsulo kuno kunyanja umachita thukuta m'kati, kutentha masana kuzizira m'mawa, ndipo madziwo ndi olemera kuposa dizilo, amatsikira pansi pamodzi ndi dzimbiri. Ukaupatsa masiku atatu zonse zimadikha, woyera amatsala pamwamba. Zimene ndinkati mphamvu zija linali dzimbiri. Anati injini iyi ilibe pulagi, dizilo amayaka yekha akapanikizidwa ndi mpweya wotentha, ndiye madzi angayake bwanji?

Kenako anandiuza kuti nditambasule manja. Chala china anadonthezapo dizilo woyera, china palafini, nati ndifikise. Dizilo anali woterera, palafini wouma, wolira khwekhwe. Anati m'kati mwa pampu muli kachitsulo kolowa m'kanzake mothina moti tsitsi silingadutse, ndipo kulibe oyilo amene amafikako, kamadalira kuterera kwa dizilo yemweyo. Ine ndinakachotsera sefa, ndinakapatsa dzimbiri kuti likapale, madzi kuti achite dzimbiri lina, ndi palafini kuti atsuke kuterera kotsalako. Za petulo anangopukusa mutu. Anati ameneyo ndi wa injini za pulagi, muno amayamba wakana kuyaka, kenako n'kuphulika yense nthawi imodzi, ndiko kugogoda kumene kunamveka mpaka kudooko.

Atatha anapukuta zala zawo, nandifunsa funso limene ndinalizemba zaka ziwiri.

"Akamwini, ku Dwangwa kuja, ntchito yanu yeniyeni inali yotani?"

"Ndinkatsuka matayala, amalume."

"Alhamdulillah. Matayala ake ayenera kuti ankawala."

Kunja ndinamva kuseka kobanika. Anali Asiyatu ndi amayi ake, atabisala kuseri kwa khoma. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma poti chitsiru sichidziwa pothera, ndinafunsabe, ndi mawu aang'ono, za nkhani ija ankhoswe anabwera nayo.

A Twaibu anatembenukira kwa ine. "Kusadziwa si mlandu, bambo. Inenso injiniyi ndinaiphunzira ndi kufunsa. Koma munthu amene ndamuuza kuti usagwedeze, iye n'kugubuduza kasanu, mlongo wanga n'kumuchenjeza, iye n'kuyankha mbuzi, ameneyo ndimupatse mwana wa mlongo wanga apite naye kutali kumene maso anga safika? Khalani pompano tizikuonani."

Zinandiwawa kwambiri chifukwa ankanena zoona.

Pampu inapita ku Blantyre ndi munthu wa lole, ndipo inatha milungu isanu ndi iwiri. Milungu isanu ndi iwiri amayi a midzi inayi anabwerera ku mtondo chifukwa cha ine. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti mayi akakhala ndi munsi m'manja ndi dandaulo mumtima, pamatuluka nyimbo. Inayambira kuseri kwa nyumba ya apongozi, sabata isanathe inali paliponse:

Mkamwini wa ku Benga, ee,
wavundula dizilo, ati ndi thobwa.
Msana wanga, mayi, msana wanga,
ndisinjire ndani, makaniko wagona.

Ndikamadutsa sankasiya. Ankangotsitsa mawu, minsi n'kumagunda mwamphamvu. Ovolosi ndinaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi.

Chinatsala n'kukauza amayi anga ku Kanyenda. Ndinazengereza mwezi wathunthu, koma mitambo inayamba kusonkhana, ndipo ndinadziwa kuti akuwerenga masiku. Ndinakwera basi ya m'mawa, njira yonse ndikukonza bodza labwino: kuti a Twaibu adwala, kuti Asiyatu akudikira kukolola chinangwa, chilichonse. Nditatsika ku Kanyenda n'kuyandikira kwathu, ndinaona nyumba yanga ija itaziridwa bwino, pakhonde posesedwa, chitseko chatsopano cha bango. Kuseri kunkamveka munsi. Ndipo pamwamba pa munsiwo, ndi mawu amene anandiimbira ndili kumsana, kunkamveka nyimbo ija ya mkamwini wa ku Benga.

Nyimbo inali itandipitirira pa msewu, inabwera ndi amayi ogulitsa usipa.

Amayi atandiona anasiya munsi, anandilandira, anandiyalira mphasa, akusekabe. Anati kwanuko ku Benga kuli chitsiru china chimene chatchuka mpaka kuno, akuti chinatakasa mafuta a chigayo ngati thobwa, kodi ndikuchidziwa? Ndinati ndimachiona patalipatali. Anaseka mpaka kupukuta misozi, nati iwo sabata yonse akhala akumvera chisoni mayi amene anabala munthu ameneyo. Kenako anasuzumira kunjira kumene ndinadzera.

"Nanga mpongozi wanga ali kuti? Akubwera ndi katundu pambuyo?"

Mabodza onse ndinakonza m'basi aja anathawa. Ndinayang'ana mphasa. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono, ndipo sindinafunike kunena kanthu.

"Iwe?"

"Ine, amayi."

Amayi analowa m'nyumba, natuluka ndi chitenje chatsopano chopindidwa bwino, chimene anagulira Asiyatu kuti adzamuveke tsiku lolowa m'mudzi. Anachiika pamiyendo panga, nati ndikam'patse azivala konko, muno njenjete zingadye. M'nyumba yatsopanoyo anati aziikamo mbuzi nthawi ya mvula, kuti chiswe chisaione ngati bwinja. Sanandinyoze ngakhale liwu limodzi. Ndinalira, munthu wamkulu, chitenje chili m'manja.

Phunziro ndinalitenga, ngakhale theka lokha. Wamkulu akandiletsa chinthu masiku ano ndimafunsa chifukwa chake, ndipo chimene sindidziwa ndimavomera kuti sindidziwa, pokhapokha ngati pali anthu ambiri.

M'mawa mwake ndinatsanzika. Amayi anandiperekeza mpaka pa nkhokwe, nabwerera ku mtondo wawo. Ndisanafike patali ndinamva munsi wayamba, kenako nyimbo ija, yonse, osachotsako ngakhale mzere umodzi. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana modandaula. Anaimika munsi, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Usandiyang'ane choncho. Madzi ndizitungabe ndekha chifukwa cha iwe, ndiye undilandenso nyimbo? Imasinjitsa bwino."

Inandiperekeza mpaka kumsewu.